Anaikonza anthu ali m'kati: nkhani ya holo ya mzinda wa Battersea

Lachisanu pa 13 Malichi 2015, chakumadzulo, moto unabuka kumbuyo kwa nyumba ya Battersea Arts Centre, imene kale inali holo ya mzinda wa Battersea, kumwera kwa mtsinje wa Thames mumzinda wa London. Ozimitsa moto pafupifupi 80 analimbana nawo mpaka usiku. Palibe amene anavulala, koma pofika m'mawa denga la Grand Hall, chipinda chachikulu chimene anthu a m'deralo anavinamo, kudyeramo maukwati ndi kukanganiramo za ndale kwa zaka zoposa 120, linali litagwera pansi, latsala makala okhaokha. Patangotha maola 26, zitseko za mbali yakumaso, kumene moto sunafike, zinatsegulidwa ndipo anthu analowa kudzaonera zisudzo za Loweruka usiku. M'masabata otsatira anthu oposa 6,000 anathandizapo, wina ndi ndalama, wina ndi manja ake, ndipo boma la Britain linalonjeza mapaundi 1 miliyoni. Mu Sepitembala 2018 holo ija inatsegulidwanso ndi sewero la Missing la gulu la Gecko, lomwelo limene linkaonetsedwa m'chipindamo pamene moto unabwera.

Nkhani imeneyi imakonda kukambidwa ngati ya kulimba mtima pa tsiku la ngozi, ndipo kulimba mtima kunalipodi. Koma chimene chinapulumutsa nyumbayi chinayamba kale kwambiri moto usanayake. Anthu sanathamangire kukapulumutsa njerwa ndi miyala yosema. Anathamangira malo amene anazolowera kulowamo, amene ana awo ankaphunziramo kuimba, amene iwo eni anachitiramo phwando la ukwati. Mfundo yanga ndi yakuti holo yakale ya mzinda imakhala ndi moyo ngati anthu akuigwiritsa ntchito, ndipo ntchito yoikonza iyenera kuyenda pambuyo pa anthuwo, osati kuwatsogolera. Njira imene makhonsolo ambiri amatsata ndi yosiyana: amatseka nyumba, kuichinga ndi malata, kufunafuna ndalama zaka zambiri, kukonza zonse nthawi imodzi, kudula riboni, kenaka n'kuyamba kufunsana kuti muzichitika chiyani. Aliyense amene anakulira kumudzi amadziwa kuti nyumba imene mwini wake wasamuka sichedwa kugwa, ngakhale inamangidwa bwino, chifukwa palibe woona pamene denga layamba kudontha kapena pamene chiswe chalowa. Nyumba zikuluzikulu za boma zimafanso imfa yomweyo, kungoti zimafa modula.

Holo ya Battersea inatsegulidwa mu 1893 pa msewu wa Lavender Hill. Anaijambula ndi Edward Mountford, yemwenso anajambula holo ya mzinda wa Sheffield ndi khothi lotchuka la Old Bailey. Nthawi imeneyo Battersea linali dera la anthu aganyu ndi antchito a m'mafakitale ndi a panjanji. Siteshoni ya Clapham Junction inali itatsegulidwa mu 1863, mafakitale a makandulo ndi a zitsulo anali atandandalika m'mbali mwa mtsinje, ndipo pofika 1901 anthu a m'derali anaposa 168,000. Atsogoleri awo anafuna nyumba yoonetsa kuti dera la anthu wamba lingathe kudzilamulira mwaulemu. N'chifukwa chake anaika makwerero a mwala wa marble, pansi n'kukongoletsa ndi timiyala tojambula njuchi, kumbuyo n'kumanga holo yaikulu ya misonkhano ndi magule, imene mu 1901 anaikamo limba lalikulu la mipope lokonzedwa ndi Robert Hope-Jones. Kuyambira pachiyambi, nyumbayi inali ndi ntchito ziwiri: kumaso kunali maofesi ndi chipinda cha makhansala, kumbuyo kunali malo a aliyense.

M'chipinda cha makhansala chimenecho ndi mmene, mu Novembala 1913, John Archer anasankhidwa kukhala mfumu ya mzinda wa Battersea ndi mavoti 40 kwa 39. Anali munthu wakuda woyamba kukhala pa mpando wotere mu London yense. Anabadwira ku Liverpool, bambo ake anali ochokera ku Barbados, mayi ake a ku Ireland, ndipo ntchito yake inali yojambula zithunzi. Anakhala nawo pa msonkhano wa Pan-African wa mu 1900 ku London, ndipo mu 1918 anakhala mtsogoleri wa bungwe la African Progress Union. Anathandizanso Shapurji Saklatvala, wobadwira ku India, kupambana mpando wa phungu wa Battersea North mu 1922. Amayi omenyera ufulu wovota ankachititsa misonkhano yawo m'holo yomweyi, ndipo mmodzi wa atsogoleri awo, Charlotte Despard, ankakhala m'dera lomwelo pakati pa anthu osauka. Mbiri imeneyi ndi yofunika pa mkangano wathu, chifukwa ikusonyeza kuti kupereka nyumbayi kwa aluso ndi anthu a m'dera sikunali kuisandutsa chinthu chachilendo. Inamangidwa kuti anthu azisonkhanamo ndi kumvana kapena kutsutsana, ndipo zisudzo ndi njira ina ya ntchito yomweyo.

Vuto linafika mu 1965, pamene boma linaphatikiza makhonsolo a mu London kukhala akuluakulu 32. Battersea inamezedwa ndi Wandsworth, maofesi anasamukira kwina, ndipo holo ya pa Lavender Hill inatsala yopanda mwini weniweni, monga zinachitikira maholo ena ambiri m'chaka chimenecho. Khonsolo yatsopano inaganiza zogwetsa mbali yaikulu ya nyumbayi n'kumangapo zamakono. Anthu a m'deralo anakana, ndipo mu 1970 boma linailemba m'kaundula wa nyumba zotetezedwa, pa mlingo wa Grade II*. Apa m'pofunika kuonetsetsa: lamulo linaletsa kugwetsa, koma lamulo silikolopa, silitsegula mawindo, silikwera padenga kukachotsa masamba m'ngalande. Nyumba zambiri zotetezedwa ndi lamulo zawolera pomwe zili. Chimene chinasintha zinthu ndi choti mu 1974 khonsolo inatsegulamo malo a zaluso a anthu a m'dera. Pamene ndalama zinavuta kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ndipo malowo anafuna kutsekedwa, panali kale anthu owagwiritsa ntchito amene anaimirira n'kukana. Mu 1980 malowo anaperekedwa m'manja mwa bungwe loima palokha, ndipo woyamba kutsogolera zaluso anali Jude Kelly, amene pambuyo pake anakatsogolera Southbank Centre.

Chiopsezo chachitatu chinabwera mu 2007, ndipo ndi chimene chili ndi phunziro louma koposa. Khonsolo ya Wandsworth inalengeza kuti isiya kupereka thandizo lake la mapaundi 100,000 pachaka, komanso kuti iyamba kulipiritsa lendi ndi zina zokwana pafupifupi mapaundi 270,000 pachaka. Bungwe laling'ono la zisudzo silikanatha kusenza katundu wotere. Anthu anadandaula, nkhani inamveka mpaka ku nyumba ya malamulo, ndipo mapeto ake anali mgwirizano wa lizi ya zaka 125, zaka zoyambirira popanda lendi. Pepala limeneli ndi limene linatsegula njira ya zonse zotsatira. Palibe wopereka thandizo wanzeru amene angathire mamiliyoni m'nyumba imene wokhalamo angathamangitsidwe chaka chamawa, ndipo palibe wokhalamo amene angakonze denga la mwini wake ali ndi mantha omwewo. Okonda nyumba zakale amakonda kukamba za zipilala ndi magalasi okongola, koma chinthu choyamba chimene gulu la aluso liyenera kumenyera ndi ufulu wolembedwa wokhala pamalopo nthawi yaitali. Popanda icho, zina zonse ndi maloto.

Kakonzedwe ka nyumbayi kanachokera ku zisudzo zenizenizo. Cha m'ma 2000, Tom Morris ndi David Jubb, amene ankagwira ntchito pamalowa, anayambitsa njira imene anaitcha Scratch: wolemba sewero amaonetsa anthu ntchito yake isanathe, mwina mphindi khumi zokha, n'kumva maganizo awo, kenaka n'kubwerera kukaisula. Sewero loimba la Jerry Springer: The Opera linayamba motero mu 2001, ndipo mu 2003 linafika ku National Theatre. Pamene akatswiri ojambula mapulani a nyumba a kampani ya Haworth Tompkins anayamba kugwira ntchito ndi bungweli, anagwirizana kuti nyumbanso aikonze mwa njira yomweyo. M'malo mojambula pulani imodzi yaikulu ya zonse, ankayesa kusintha kanthu kamodzi motchipa, kuona mmene osewera ndi oonera akukagwiritsira ntchito, n'kusankha ngati kakhale kapena kachotsedwe. Kampani imeneyi si ya ophunzira ntchito: ndi yomwe inapambana mphotho ya zomangamanga ya Stirling mu 2014 chifukwa cha nyumba ya zisudzo ya Everyman ku Liverpool. Kuti akatswiri a msinkhu umenewo avomere kufunsa kaye wosewera ndi mlonda wa pakhomo asanagumule khoma, ndi kudzichepetsa kumene sikupezeka kawirikawiri pa ntchito zomangamanga.

Kuyesa kwakukulu koyamba kunali sewero la The Masque of the Red Death la gulu la Punchdrunk, limene linayamba chakumapeto kwa 2007 n'kupitirira mpaka Epulo 2008. Oonera ankavala zophimba kumaso n'kumayendayenda okha m'nyumba monse, chipinda ndi chipinda, kutsata nthano za Edgar Allan Poe. Kuti zimenezi zitheke, zipinda zimene zinakhala zokiya zaka zambiri zinatsegulidwa, ndipo eni nyumba anaona ndi maso awo kumene khamu limapanikizana, kumene kukufunika khomo, ndi malo amene aliyense ankawayesa opanda ntchito koma anthu anawakonda. Zimene anaphunzira zinalowa m'mapulani. M'zaka zotsatira anakonza zipinda zogona aluso obwera kutali, malo osewerera ana aang'ono, bwalo la zisudzo lopanda denga pakati pa nyumba limene linatsegulidwa mu 2016, ndi malo ogwiriramo ntchito amalonda ang'onoang'ono ndi mabungwe a m'dera. Ntchito yonse inatenga zaka pafupifupi 12, gawo ndi gawo, ndipo nthawi yonseyi zisudzo sizinaime.

Wotsutsa woyamba anena kuti zonsezi n'zabwino, koma ndalama za anthu zili ndi ntchito zina zofulumira: nyumba za osowa pokhala, chisamaliro cha okalamba, ana amasiye. Mawu amenewa ndi olemera, ndipo ku Britain si ongopeka. Khonsolo ya Birmingham inalengeza mu Sepitembala 2023 kuti yalephera kukwaniritsa bajeti yake, ndipo pambuyo pake inaganiza zodula thandizo lonse la mabungwe a zaluso m'zaka ziwiri. Koma wotsutsayo ayang'ane bwino kumene ndalama zimatayikira. Ku Croydon, kumwera kwa London komweko, khonsolo inatseka nyumba yake ya zoimbaimba ndi zisudzo ya Fairfield Halls mu 2016 kuti iikonze yonse nthawi imodzi ndi mapaundi 30 miliyoni. Inatsegulidwa mu 2019, ndipo owerengera ndalama za boma anapeza kuti ntchitoyo inadya mapaundi oposa 67 miliyoni. Mu 2020 khonsoloyo inagwa m'mavuto aakulu a zachuma, ndipo ntchito imeneyi inali imodzi mwa nkhani zochititsa manyazi za nthawiyo. Njira yotseka n'kukonza kamodzi ndi imene imaika chuma cha anthu pa ngozi, chifukwa cholakwa chimaoneka ndalama zitatha kale. Njira ya pang'onopang'ono imalola kuima pamene thumba lapepuka, imalola kusintha maganizo, ndipo gawo lililonse likatha limayamba kugwira ntchito nthawi yomweyo. Komanso nyumba yotsekedwa siikhala yaulere: imafuna alonda ndi inshulansi, ndipo chaka chilichonse chimene yakhala chabe chimakweza mtengo wodzaikonzera.

Wina anena kuti yankho n'losavuta: perekani nyumbayo kwa wamalonda, aikonze ndi ndalama zake, asiyeko chipinda cha zaluso. Ndi mmene khonsolo ya Haringey inachitira ndi holo ya mzinda wa Hornsey, kumpoto kwa London, nyumba yokongola ya mu 1935 imene inakhala zaka zambiri ikuwonongeka. Mu 2017 inagwirizana ndi kampani ya Far East Consortium kuti ikonze holoyo, isandutse mbali ina hotela, imange nyumba zogulitsa kumbuyo, ndipo isunge malo a zaluso. Sindikunena kuti njira imeneyi n'njoipa nthawi zonse. Denga lokonzedwa ndi wamalonda limatchinga mvula chimodzimodzi, ndipo pali nyumba zimene popanda iye zikanagwa. Koma kusiyana kulipo, ndipo n'kwakukulu. Kumene mwini ndi wamalonda, zaluso zimakhala mlendo wopatsidwa chipinda, ndipo mlendo safunsidwa za mtengo wa pakhomo kapena nthawi yotsekera. Ku Battersea maukwati, misonkhano ya makampani ndi malo omwera zakumwa ziliponso, ndipo zimabweretsa ndalama zofunika kwambiri, koma phindu lake limabwerera ku ntchito ya bungwe. Funso loyenera kufunsa pa mgwirizano uliwonse wotere ndi lakuti makiyi akusunga ndani, ndipo angakane ndani.

Mkangano wina unabadwa ndi moto uja. Pomanganso Grand Hall, Haworth Tompkins sanabwezeretse siling'i ya pulasitala yokongoletsedwa imene inapsa. M'malo mwake anapanga denga lam'kati la matabwa opyapyala olukanalukana, lotsata maonekedwe a siling'i yakaleyo koma lokhala ndi mipata yodutsa magetsi, zingwe ndi mpweya. Makoma anawasiya ndi zipsera zawo: utoto wowauka, pulasitala wosweka, njerwa zoonekera. Alipo amene amaona kuti kumeneku n'kunyoza amisiri a mu 1893, ndipo amaloza ku Paris, kumene tchalitchi cha Notre-Dame, chitapsa mu 2019, chinamangidwanso monga chinalili n'kutsegulidwa mu Disembala 2024. Maganizo awo ndi omveka, ndipo kwa tchalitchi chimene maonekedwe ake ndi gawo la mapemphero a anthu mamiliyoni, kubwezeretsa kunali koyenera. Koma ku Britain kuli mwambo wina wakale wosamalira nyumba, umene William Morris anauyambitsa mu 1877 pokhazikitsa bungwe la Society for the Protection of Ancient Buildings. Mwambo umenewu umati konzani chowonongeka, tetezani chotsala, koma musapange chatsopano n'kuchinamizira kuti n'chakale. Moto wa 2015 ndi gawo la mbiri ya holoyi monga mmene chisankho cha Archer chilili, ndipo anthu zikwi zisanu ndi chimodzi amene anathandiza aja ali ndi ufulu woona chimene anapulumutsa. Palinso chifukwa cha ntchito: siling'i yakale inali yotseka, yovuta kupachikapo zida za zisudzo zamakono, pamene yatsopanoyi imalola kuti chipinda chomwecho chichititse sewero lero, ukwati mawa. Ndikuona kuti anasankha bwino.

Chitsutso cholemera kuposa zonse n'chakuti mawu oti "zaluso za anthu a m'dera" kawirikawiri amakhala chophimba chabe. Battersea ya lero si ya antchito a panjanji aja. Mafakitale anatsekedwa, mitengo ya nyumba inakwera, ndipo m'misewu yozungulira Lavender Hill mukukhala anthu opeza bwino, pamene osauka atsala m'midadada ya nyumba za khonsolo monga ya Winstanley, kutsidya kwa njanji. Zisudzo zoyesayesa zimene malowa anatchuka nazo zimakopa kwambiri ophunzira ndi olemba nkhani za zaluso ochokera mbali zonse za London. Kodi mayi wolera yekha ana atatu, wokhala mphindi khumi kuchokera pakhomopo, amaona nyumba ya makwerero a marble ngati yake? Funso limeneli siliyenera kuyankhidwa mwachangu, chifukwa nyumba za mtundu uwu zinamangidwa kuti zizipatsa mantha pang'ono: ndi kumene munthu ankapita kukalipira msonkho ndi kukaima pamaso pa akuluakulu. Kungochotsa chikwangwani cha khonsolo n'kuikapo cha zisudzo sikuchotsa mantha amenewo. Ndipo n'zoona kuti malo a zaluso okonzedwa bwino amathandizira kukweza mitengo ya nyumba m'dera, kotero kuti amene anawamenyera angathe kukankhidwira kutali ndi kupambana kwawo komwe.

Yankho loona ndi lakuti vutoli silitha ndi kukonza nyumba. Limachepa ndi zochita za tsiku ndi tsiku, ndipo zochitazo zimayezeka. Mu 2013 bungweli, pamodzi ndi nyumba ya zisudzo ya Contact ya ku Manchester, linayamba pologalamu ya The Agency, yotengera nzeru za Marcus Faustini wa ku Rio de Janeiro: achinyamata a zaka 15 mpaka 25 ochokera m'madera osauka amabwera ndi maganizo awo a bizinesi kapena a chitukuko, amaphunzitsidwa, ndipo ena amapatsidwa ndalama zoyambira. Gulu la achinyamata oimba ng'oma ndi pakamwa la Beatbox Academy, limene linakulira m'zipinda zomwezi, linapanga sewero la Frankenstein: How to Make a Monster limene linayenda mpaka kunja kwa dziko. Mu Febuluwale 2020, mogwirizana ndi bungwe la Touretteshero lotsogoleredwa ndi Jess Thom, malowa anasintha malamulo a oonera kuti munthu amene thupi lake silimulola kukhala chete kapena kukhala malo amodzi asatulutsidwe kapena kuyang'anidwa ndi diso loipa. Mu 2021 anakhazikitsa kuti pa zisudzo zawo munthu azilipira zimene angathe, ndipo chaka chomwecho holo inasanduka malo obayira katemera wa Covid-19, kotero kuti anthu ambiri amene sanagulepo tikiti ya sewero analowa pakhomo paja koyamba. Zimenezi sizitsimikizira kuti aliyense wa ku Winstanley tsopano amadziona kuti ndi mwini. Zikusonyeza kuti oyendetsa malowa akudziwa kumene kuli chilonda ndipo akuikapo mankhwala amene amawadyera ndalama, pakuti tikiti yotsika mtengo ndi ndalama yotayika imene iyenera kupezeka kwina. Malo ena alionse odzitcha a anthu a m'dera ayenera kuyezedwa ndi muyeso womwewo: mtengo wa pakhomo, amene amaloledwa kugwiritsa ntchito zipinda masana, ndi amene amakhala m'komiti yopanga ziganizo.

Njira ya Battersea ili ndi mtengo wake, ndipo kuubisa kungakhale kunama. Kukonza nyumba anthu ali m'kati kumachedwa, kumatopetsa antchito amene amakhala ndi fumbi ndi phokoso zaka zambiri, ndipo kumafuna chisamaliro chachikulu pa chitetezo. Moto wa 2015 unabwera ntchito yokonza ili m'kati, ndipo chimene chinathandiza n'choti anthu onse anatulutsidwa msanga, nyumba inali pa inshulansi, ndipo zigawo zambiri za limba lija zinali zitatengedwa kale kupita kokakonzedwa. Bungweli limadaliranso thandizo la chaka ndi chaka la Arts Council England ndi ndalama za National Lottery, zinthu zimene mayiko ambiri alibe. Komabe zimene zinapulumutsa nyumbayi mu 1974, mu 1980 ndi mu 2007 sizinali mamiliyoni. Zinali chilolezo choti anthu alowe nyumba isanakongole, bungwe loima palokha lokhala ndi udindo womveka, ndi lizi yaitali. Mamiliyoni anabwera pambuyo, atakopeka ndi zitatuzo.

N'chifukwa chake nkhaniyi si ya olemera okha. Aluso a ku Blantyre amakumbukira zimene zinachitikira malo a French Cultural Centre Afalansa atachokapo: anakhala opanda mwini woonekera, akuba anazula zimene akanatha kuzula, ndipo ntchito yowakonza pansi pa dzina la Blantyre Cultural Centre inakoka miyendo kwa zaka. Mumzinda womwewo, Mandala House ya mu 1882 idakali chiimire, muli malo oonetsera zojambula ndi laibulale ya Society of Malawi, ndipo anthu amalowamo sabata iliyonse. Makhonsolo athu ali ndi maholo akale, ena otsekedwa, ena ongobwereketsa pa maukwati, pamene magulu a zisudzo, makwaya ndi ojambula akusowa pochitira maphunziro awo. Pempho langa kwa makhansala ndi lakuti asadikire wopereka thandizo wa ntchito yaikulu. Aitane mmisiri aone ngati denga ndi mawaya a magetsi zili bwino, atsegule chipinda chimodzi chimene chili chotetezeka, achipereke kwa gulu lolembetsedwa mwalamulo pa mgwirizano wolembedwa wa zaka zambiri, ndipo alole kuti ndalama za maukwati ochitikira pamalopo zizitsala pomwepo kuti zikonze chipinda chachiwiri.